Mphindi Zinayi Zimene Sindinalembe

Lolemba, 9 Juni

Kwa Wolemekezeka Mkulu wa Holo ya Kanema,

Ine, mwini kope lino, mzimayi wa madigiri awiri ndi mutu umodzi wowawa, ndikulemba modzichepetsa koma mokwiya kudandaula za mpando wachinayi mu mzere wachisanu ndi chimodzi. Mpando umenewu umalira. Sulira mwaulemu ngati mipando inzake, ayi. Umalira ngati chitseko cha chimbudzi cha pa depoti. Loweruka lapitali, pa chionetsero choyamba cha filimu imene ndinailemba zaka zitatu, mpandowu unalira maulendo khumi ndi asanu ndi awiri. Ndinawerenga. Ndipo anakhalapo ndani? Wachipewa, wolemba ndemanga za mafilimu m'nyuzipepala Lolemba lililonse, munthu amene ndikukhulupirira kuti chipewacho amasamba nacho.

Kalatayi sinditumiza. Koma yandipepuza.

Ndemanga yake yatuluka m'mawa uno. Nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndaiwerenga choimirira, tiyi akuzizira. Ndikukopera momwe ilili: “Kwa ola ndi theka tikuonerera mnyamata wa otizimu akuthira mafuta m'makina osokera a mtsikana. Uyu ndi makaniko, si wachikondi. Filimu ikudzuka mphindi zinayi zomaliza, pamene chikondi chikumuchiritsa.”

Makaniko. Chabwino.

Ndiye nyenyezi zonse zitatu ndi za mphindi zinayi zomalizazo. Mvula ikugwa, mnyamata akuthamanga pakati pa magalimoto, wamugwira mtsikana m'masaya, wamuyang'ana m'maso, “ndimakukonda,” vayolini, holo yonse kufwenthera m'mipango. Mphindi zinayi zimene ine sindinalembe. Zanga zinkathera pa khonde: iye akupukuta makina, mtsikana akusoka, palibe woyankhula. Dairekita anati zimenezo anthu akagona nazo. Anabweretsa mvula yake. Ndinakana masiku awiri, lachitatu ndinasaina. Chiganizo ichi ndachilemba m'zilembo zazing'ono, ndi dala.

Mnyamata wa m'filimuyo ndi mlongo wanga, wamng'ono kwa ine, zaka makumi atatu ndi ziwiri. Kunyumba timamutcha Injiniya chiyambire tsiku limene anamasula wailesi ya bambo ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi n'kuibwezera ikumveka bwino kuposa kale. Anabadwa ndi otizimu, ubongo wake umamva ndi kuona zinthu mosiyana ndi ambirife. Amakonza makina osokera. Mtsikanayo ndi Telala, wa pa khonde loyandikana ndi shopu yake. Akufuna kukwatirana. Injiniya anawerenga zolemba zanga zonse, anakonza malo khumi ndi amodzi pamene ndinalakwitsa za makina, n'kundilola. Mawu ake: “Bola zikhale zoona, achemwali.”

Za mvula sakudziwa. Ku holo sanabwere, phokoso limamupweteka.

Lachiwiri, 10 Juni

Mayi wa pa wailesi, uja wa pulogalamu ya masana, walira dziko lonse likumva. Walira ndithu, ndinamva mphuno. Akuti anthu otere ndi angelo amene Mulungu anatibwereka. Mngelo wakeyo akanamuona mmene amakalipira munthu wosoka ndi singano yopindika. Nyuzipepala ina yapereka nyenyezi zinayi, mutu wake: makolo musataye mtima, amachira. Amachira chiyani? Chimfine?

Ku koleji aliyense akundigwira chanza. Mnzanga wa muofesi, amene amaphunzitsa ndakatulo koma sanamalizepo buku, wati analira mpaka mkazi wake anachita manyazi. Ndamufunsa kuti analira pati. Pa mvula, nanga pena pati.

Kenako foni ya Telala, nthawi ya nkhomaliro. Mawu ake owonda ngati ulusi. Bambo ake, a Hedi, amene anapuma uphunzitsi kalekale koma uhedi sanapume, akaonera filimu. Ndemanga ya Wachipewa aidula ndi lumo n'kuiika pa tebulo lodyera, pansi pa botolo la mchere. Anena kuti za ukwati adikira kaye. Telala wawafunsa kuti kudikira chiyani. Akuti: “Achire kaye ngati wa m'filimu uja. Mlongo wake yemwe walemba kuti amachira.”

Mlongo wake yemwe. Ndine ameneyo.

Miyezi isanu ndi itatu Telala wakhala akuwanyengerera bambo akewo, ndipo anatsala pang'ono kuvomera. Anaika tsiku: Loweruka pa 21 adzapereka mawu awo. Popanda mawuwo Telala sakwatiwa. Si kuti sangathe, sakufuna. Mayi ake anamwalira, bambowo ndi okhawo, ndipo iye si munthu wokwatiwa mozemba.

Masiku khumi ndi limodzi. Wachipewa abweza mawu ake. Awabweza pa tsamba lomwelo, m'zilembo zomwezo, ngakhale zitafuna kuti ndikayale mphasa pa khomo la nyuzipepala. Ndagula zolembera ziwiri zatsopano.

Lachinayi, 12 Juni

Ku nyuzipepala. Suti ya buluu, ya pamaliro ndi pa intaviyu. Nsapato zagogoda. Masitepe makumi anayi ndi awiri chifukwa chikepe chafa. Chidendene cha nsapato yakumanzere chinatsala pa sitepe ya makumi atatu. Ndinalowa muofesi ya Mkonzi ndikupendekeka ngati basi yodzaza mbali imodzi.

Mkonzi: wonenepa bwino, waulemu uja wa anthu amene sakumva chimene ukunena. Ndinamuyalira masamba asanu ndi limodzi a yankho langa, ndi maumboni ochokera m'mabuku a madokotala. Anayeza kulemera kwake ndi dzanja ngati akugula nsomba. Akuti andipatsa mawu mazana awiri, pa tsamba la makalata, Lachisanu la sabata yamawa. Mazana awiri. Ine moni wokha umandidyera makumi asanu.

Potuluka, Wachipewa mwini wake, pa khonde, akudya nthochi. Ndinkayembekezera chimphona. Kamunthu kafupi, kolala yoperepeseka, maso otopa. Zimenezo zinandikwiyitsa kwambiri. Ndinamuuza zonse: kuti otizimu si matenda, kuti palibe chochira, kuti munthu amene kwa zaka zitatu amafika Lolemba lililonse seveni koloko kudzathira mafuta makina a mkazi mmodzi yekha, ngati chimenecho si chikondi ndiye kuti iye chikondi anangochionera pa chithunzi cha kalendala. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kupinda khoko la nthochi bwinobwino.

Anangoti: “Mayi, ine ndinalemba zimene ndinaona. Mvula ija itatha panatuluka dzina lanu, osati langa.”

Yankho ndinali nalo. Ndikukhulupirira kuti ndinali nalo. Linatsala pa sitepe limodzi ndi chidendene.

Ndaimbira Dairekita. Ali mumsonkhano, monga mwa nthawi zonse. Akuti holo ikudzaza, anthu akulira, ndikufunanso chiyani. Ndati ndikufuna tichotse mvula. Waseka, waganiza kuti ndi nthabwala.

Loweruka, 14 Juni

Ku shopu kwa Injiniya, kuti ndikamuuze. Mawu ndinawakonzera m'minibasi.

Shopu ili momwe imakhalira. Masikuludiraiva asanu ndi anayi pa khoma, kuyambira lalifupi kufika lalitali. Getsi la chubu anachotsa kale, akuti limang'ung'udza, ine sindinalimvepo. Kapu ya buluu, tiyi wa teni koloko, osati isanakwane, osati itapitirira. Anali ndi makina a mzimayi wina, wawagoneka chagada, tsaya chapafupi, maso otseka, akuzunguza gudumu ndi chala chimodzi. Umo ndi mmene amapimira. Sayang'ana, amamvetsera. Ngakhale munthu. Anandiuza tili ana kuti akayang'ana munthu m'maso mawu amathawa, ndiye pa ziwirizo amasankha mawu. Ndinazilemba zimenezi m'filimu, tsamba lachisanu ndi chitatu. Kenako n'kudzasaina mvula.

Kuseri kwa khoma makina a Telala akumveka. Kwa ine ndi phokoso chabe, tyaka-tyaka-tyaka. Iye anaimika gudumu lake n'kunena kuti makina aja sakuyenda bwino chiyambire Lachiwiri masana. Amathamanga, n'kuima, n'kuyambanso. Wawaona kawiri: lamba ali bwino, bobini ya ulusi ili bwino, singano ndi yatsopano. “Vuto si makina,” anatero, “koma sanandiuze, ndiye ndikudikira.”

M'malo moulula, ndinamukambira za mpando wolira wa ku holo, mphindi khumi zathunthu. Anamvetsera mwachidwi. Zinthu zimene si makina osokera amakonzera anthu atatu okha padziko: amayi, Telala, ndi ine.

Anafunsa kuti filimu aionera liti. Akufuna pa kompyuta yanga, masana, mawu atatsitsidwa. Ndinati sabata yamawa. Anafunsa tsiku. Kwa iye sabata yamawa si yankho. Ndati Lachitatu.

Telala anandiperekeza mpaka pa msewu, tepi m'khosi, mapini pa bulauzi. Za bambo ake sanamuuze, akuopa kuti angakawafunse mwachindunji. Sanandidzudzule, ndipo n'zimene zikundiwawa. Anangoti, alamu, ine ndinakonda wa pa khonde, wa mu mvula uja sindikumudziwa.

Madigiri awiri.

Lamulungu, 15 Juni

Kwa amayi. Filimu aionera kawiri. Ndinatchula za mvula ndikuyembekezera kuti andithandiza kutukwana Dairekita. Iwo akusankha nyemba, osakweza mutu. Akuti analira, inde, chifukwa mwanayo ali wamng'ono ankapempherera zomwezo, kuti tsiku lina adzawayang'ane n'kunena mawu aja. Anasiya ali ndi zaka khumi, atazindikira kuti m'mawa uliwonse amawatembenuzira masilipasi kuti ayang'ane kukhomo, asavutike povala.

“Ine ndinasiya kudikira kalekale. Sindinadziwe kuti iwe ukudikirabe.”

Ndinati ndi Dairekita, amayi. Anati eya, ndi Dairekita, ndipo cholembera chinasaina chokha.

Lilime ili ndikudziwa kumene ndinalitenga.

Lolemba, 16 Juni

Ndapita ndekha kwa a Hedi nditamaliza kuphunzitsa. Chikwama chodzaza: mabuku atatu, mapepala a kafukufuku, mizere yofiira paliponse. Ndimati ndikawaphunzitse. Munthu amene anaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zisanu.

Pabalaza paukhondo woopsa. Masatifiketi pa khoma, chithunzi cha malemu akazi awo, ndipo pakona chinthu chophimbidwa ndi nsalu yoyera, pamwamba pake vazi ya maluwa apulasitiki. Miyendo yachitsulo ndinaizindikira. Makina osokera.

Anandilandira mwaulemu, tiyi anandithirira okha. Ndinayankhula mphindi makumi awiri. Ndinali bwino, kunena zoona, ana anga a ku koleji akanalemba manotsi. Iwo anamvetsera atapinda manja, kenako funso limodzi la uphunzitsi: ngati sachira, ndinalemberanji kuti amachira? Ndinati ndi filimu, bambo, filimu imakometsera. Anati ndiye ndinakometsera ziti, za mvula kapena za mafuta? Iwo akhulupirire ziti?

Ziro pa teni. Khala pansi.

Chenicheni anachinena ndili pakhomo, akuyang'ana ku kona kuja. Mwana wawo anatengera mayi ake: zikamupweteka sanena, amangogwira ntchito. Mayiwo anadwala chaka chathunthu akusoka pa makina aja, iwo ali m'nyumba yomweyo, osadziwa. Podziwa n'kuti atachedwa. “Ine wamaso awiri ndi sukulu yanga yonse sindinaone. Nanga iye, amene sayang'ana n'komwe, adzaona bwanji?”

Njira yonse sindinapeze chonyoza. Zachilendo.

Koma nzeru yandibwerera m'minibasi. A Hedi akufuna mphindi zinayi? Tiwapatsa mphindi zinayi. Injiniya amaloweza buku lonse la makina, mizere isanu ndi umodzi sangailephere. Maso aziyang'ana pakati pa nsidze, palibe amene amasiyanitsa. Osewera amatero. Mizereyo ndalemba kale. Ndi yabwino kuposa ya Dairekita.

Lachitatu, 18 Juni

Waonera.

Pa tebulo la m'khitchini mwanga, makatani otseka, voliyumu pa atatu. Anabwera ndi kope ndi pensulo. Ola ndi theka osatembenuka. Kuimitsa filimu, kulemba, kupitiriza. Ndinasuzumira. Nambala 1: wosewera wagwira sikuludiraiva ngati mpeni. Nambala 4: mafuta achuluka, aononga nsalu. Nambala 7: phokoso si la makina amene akuoneka, ili ndi la makina amagetsi. Nambala 9: Telala weniweni amaseka kwambiri kuposa uyu. Pa nambala 9 ndinadzuka kukayang'ana ketulo imene sinali pamoto.

Mvula itayamba sanaimitse. Anaonera mpaka mayina onse atatha, mpaka la wophika tiyi. Kenako analemba nthawi yaitali.

Ine, m'malo mokhala chete ngati munthu wanzeru, ndinatulutsa pepala langa la mizere isanu ndi umodzi. Ndinamufotokozera za a Hedi, za botolo la mchere, za Loweruka, za pakati pa nsidze. Ndinati mphindi zinayi zokha, mlongo wanga, ukatero basi wakwatira. Anawerenga pepalalo kawiri. Anafunsa ngati azidzayang'ana pa nsidze ulendo uliwonse mpaka a Hedi adzamwalire, kapena pali tsiku limene adzawauze kuti zinali zabodza. Sankanyoza. Ankafunsa zenizeni, kuti alembe pa kalendala.

Tsiku ndinalibe.

Anang'amba tsamba la m'kope mwake, motsatira mzere, n'kulisiya pa tebulo. Nambala 14: “Munthu uyu si ine. Achemwali akuganiza kuti Telala akuyenera munthu wina wokhala ndi nkhope yanga.”

Sanakalipe. Amakalipa pa za singano, pa zazikulu amangokhala chete. Anatsuka kapu imene sanamwere, anatenga chikwama, n'kupita. Pakhomo ndinati tionana Loweruka. Sanayankhe. Iye salonjeza chimene sakuchidziwa.

Lachinayi, 19 Juni

Ndang'amba masamba asanu ndi limodzi aja. Anali okoma. Munali ndime ina imene ndinamufanizira Wachipewa ndi munthu wopita kukamvera oimba atatseka makutu ndi thonje, n'kumadandaula kuti akungotsegula pakamwa. Dziko lataya chuma.

Mawu mazana awiri atsopano. Wachipewa mulibe. Muli ine: kuti mathero aja ndi bodza, kuti ndinkadziwa, kuti ndinasaina chifukwa ndinkafuna holo idzaze, ndiponso, amayi asamve, chifukwa inenso ndinkafuna kumuona akuyang'ana, ngakhale kamodzi, ngakhale ndi maso obwereka. Kuti mlongo wanga sanachire chifukwa sanadwale. Chiganizo chimenecho chinanditengera ola. “Ndinalakwa” ananditengera awiri.

Ndinatuma Telala akamufunse Injiniya ngati ndingasindikize mndandanda wake pansi pa kalata yanga. Ulendo uno ndafunsa ndisanachite. Yankho labwera pa kapepala: inde, koma manambala asasinthe, ndipo nambala 9 asaichotse.

Masitepe makumi anayi ndi awiri kachiwiri, nsapato zafulati. Mkonzi anawerenga, maso n'kuwala ngati waona ngozi ya pamsewu. Wolemba akukana filimu yake yomwe. Mawu mazana awiri aiwalika, akundipatsa theka la tsamba. Ndamuuza kuti akadula nambala ngakhale imodzi ndibwera kudzamuwerengera masamba asanu ndi limodzi aja mokweza. Sakudziwa kuti ndang'amba.

Kaya a Hedi awerenga. Kaya zithandiza. Mwina ndawapatsa umboni wosainidwa woti sachira, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma pepala la nsidze ndalitaya m'bini, pansi pa makoko a mazira, kuti ndisalitolenso.

Lachisanu, 20 Juni

Yatuluka. Chithunzi changa asankha chimene ndatsinzina. Dairekita waimba maulendo asanu, lero sali mumsonkhano. Akuti ndamuyalutsa, sindidzalembanso filimu. Mnzanga wa ndakatulo akufuna ndimubwezere misozi yake. Mayi wina amene sindikumudziwa wanditumizira uthenga: mwana wake ndi wotero, ndipo apongozi ake ataonera filimu anamuuza kuti ndiye kuti samukonda mokwanira. Wangoti zikomo.

Kwa a Hedi, zii. Kwa Injiniya, zii.

Loweruka, 21 Juni

Tinapangana ndi Telala kuti tipita kwa a Hedi masana. Iwo sanadikire. Hafu pasiti naini atulukira pa khonde: jekete, tayi, nyuzipepala m'khwapa. Ine ndinali pamenepo kale, ndikunamizira kuti ndabweretsa siketi yoti Telala aifupikitse.

Analowa m'shopu. Injiniya anawapatsa moni wabwinobwino, maso ali pa bobini. Anawakokera mpando n'kuwauza kuti akhale kumanja chifukwa kumanzere kuli mafuta. A Hedi anakhala. Masikuludiraiva aja anawayang'ana nthawi yaitali. Ndikuganiza kuti mtima wa uhedi unakhudzidwa, sanaonepo kalasi yafola bwino chonchi. Anatsegula nyuzipepala n'kufunsa za nambala 9: akudziwa bwanji kuti mwana wawo amaseka kwambiri, pamene iye sayang'ana nkhope za anthu? Anayankha kuti kuseka kumamveka. Amaseka pafupifupi kakhumi patsiku, Lachisanu kuposa pamenepo chifukwa kumabwera mayi wa madiresi a kwaya.

Kenako, osafunsidwa, ananena zimene ine sindikanalemba ngakhale atandipatsa zaka zitatu zina: “Koma chiyambire Lachiwiri la sabata yatha sakuseka, ndipo makina ake akuimaima. Ndawaona kanayi, alibe vuto. Achemwali andiuza kuti limenelo ndi tsiku limene munaika pepala pansi pa mchere. Ndiye vuto ndinu, bambo. Pepani. Inuyo sindingathe kukukonzani.”

Kuseri kwa khoma makina anaima. Telala ankamva zonse.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, monga ndachitira zaka makumi atatu, kuti bambo, zimene akutanthauza n'zakuti... Ndinatseka. Mphamvu zake sindikudziwa kumene ndinazitenga.

Teni koloko inakwana. Injiniya anadzuka kukaika tiyi, chifukwa teni koloko ndi teni koloko ngakhale denga litagwa. Anatulutsa kapu yachiwiri. A Hedi sanamwe. Anaimirira, anapinda nyuzipepala, anaima pang'ono pafupi ndi khonde la mwana wawo osafikapo, n'kupita.

Mawu awo sanapereke. Telala wasoka mzere umodzi kanayi, kumasula, kusokanso.

Lolemba, 23 Juni

Seveni koloko Injiniya anathira mafuta makina a Telala monga mwa Lolemba lililonse. Ndikudziwa chifukwa ndinali pamenepo. Siketi ija yafupikitsidwa kawiri tsopano, posachedwa ikhala mpango. Kalasi yanga ya m'mawa ndinaituma ku laibulale.

Cha m'ma eyiti, takisi. A Hedi kutsogolo, buti yomangidwa ndi chingwe, miyendo yachitsulo ikusuzumira kunja. Nsalu yoyera ija ikadali pamwamba. Vazi yokha ndiyo anaisiya.

A Hedi anangoti makinawa akhala zaka zisanu ndi chimodzi osayenda, awaone. Injiniya anachotsa nsalu n'kuipinda kanayi. Pansi pa singano panali kansalu kobiriwira, kosamaliza, ulusi ukadali momwemo. Palibe anakagwira chiyambire. Iye sanafulumire kukachotsa. Anakatsata ndi chala pang'onopang'ono, n'kukatembenuza kuseri. Anati wosokayo anali katswiri, mzere woongoka ngati wa rula. Koma ankaima pafupipafupi, pakatha chikhatho chimodzi chilichonse, ndipo pamene waima ulusi umasintha kakokedwe. Mwina ankapuma. Mwina china chake chinkamupweteka.

Za chaka chija cha kudwala mwakachetechete ine sindinamuuze, ndikulumbira. Telala akuti naye ayi.

A Hedi anakokera mpando kumanzere, pa mafuta pomwe, n'kukhala. Injiniya anamva. Anatsegula pakamwa, n'kutseka. Zikuoneka kuti sabata ino banja lonse tikuphunzira.

Kenako a Hedi anafunsa ngati zingakonzeke. Injiniya anati, “Makina, inde. Masabata awiri.”

Mawu awo anawapereka ataimirira, akuyang'ana makina, osati munthu. Onse awiri maso pa bobini ngati pachibale. Akuti makinawo ndi a mwana wawo tsopano. Akamaliza kuwakonza awapititse ku nyumba imene awiriwo adzakhale, ndipo akumva kuti amafuna mafuta Lolemba lililonse, asadzadumphe ngakhale limodzi. Injiniya anati sanadumphepo.

Mvula panalibe. Vayolini panalibe. Kuseri kwa khoma wina anaseka ndi kulira nthawi imodzi, kenako makina anayamba, tyaka-tyaka-tyaka, osaima. Injiniya anapendeketsa mutu, anamvetsera, n'kubwerera ku ntchito.

Ine sanandiyankhule mpaka ndikutuluka. Ndili pakhomo anatchula mpando wa ku holo uja. Akuti mwina ndi bawuti yomasuka. Ali ndi mpata Lachinayi, thu koloko, holo ikakhala yopanda anthu. Ndinati zikomo. Ndinakalirira m'minibasi, kondakitala akuganiza kuti ndaberedwa foni.

Ndipo nyuzipepala ya lero. Wachipewa wayankha. Akuti popeza mwini filimu wakana mphindi zinayi zimene iye anazipatsa nyenyezi, sangachitire mwina koma kutenganso zonse zitatu. Mndandanda wa Injiniya waupatsa zinayi, akuti ndi ndemanga yabwino kuposa zonse zimene zalembedwa pa filimuyi, kuphatikiza yake yomwe. Mlongo wanga zinayi. Ine, wa zaka zitatu ndi madigiri awiri, ziro.

Chotero:

Kwa Wolemekezeka Wachipewa, kudzera kwa Mkonzi, Dairekita ndi Mkulu wa Holo,

Ine, mwini kope lino, ndikulamula chipukuta misozi motere, pasanathe masiku asanu ndi awiri. Chidendene chimodzi cha nsapato yakumanzere, mukachipeza pa sitepe ya makumi atatu. Masitepe makumi asanu ndi atatu ndi anayi, andibwezere otsika okhaokha. Siketi imodzi mu utali wake wakale. Ndime ya thonje ija isindikizidwe pa tsamba loyamba, ndikuikumbukira yonse. Dairekita aime pa mvula yake yomwe mphindi zinayi, popanda vayolini. Ndipo inuyo, bambo, mudzabwere ku ukwati, mudzakhale kutsogolo mutavula chipewa, n'kulemba ndemanga ya mkwati amene sadzayang'ana aliyense m'maso. Nyenyezi zisachepere zisanu ndi imodzi mwa zisanu. Yachisanu ndi chimodziyo ndi yanga.

Iyi ndiye nditumiza.